Wachiwiri Akubwera Novembro

Kuno kwathu jogo, masewero aja a pakamakina kapena patelefoni, timamutchula ngati munthu. Timati jogo uyu, jogo uja, jogo wandikana lero. Sindinaganizepo kuti kalankhulidwe kameneka kangandilanditse mwana, koma chaka chatha kanatsala pang'ono kutero, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimaseka.

Ndiyambe ndi chimene ndinkabisa. Ndine pulofesora pa sikola ya ana aang'ono kuno ku vila ya Tsangano, ndine mkazi wapabanja, ndine mayi, ndimaimba kwaya kutchalitchi, ndipo ndimakonda jogo wina wa ku Japan. Ndikazilemba motsatana chonchi zimaoneka ngati palibe vuto, koma yesani kuzinena pakamwa pamaso pa amayi a kumpingo muone mmene angakuyang'anireni.

Chikondi chimenechi ndinachitola ku Tete, nthawi imene ndinkaphunzira za uphunzitsi ku institutu. Mnzanga amene tinkagona naye chipinda chimodzi anali ndi kamakina kogwira m'manja kamene mchimwene wake anamusiyira popita kumigodi ya malasha. Masana a ku Tete munthu sungagone, sungawerenge, makamaka ine mwana wa kumapiri wozolowera nkhungu. Ndiye tinkayala kapulana, nsalu yathu yachitenje, pasimenti, n'kugona chafufumimba mitu pamodzi, n'kumasinthana kamakinako.

Nkhani ya m'jogomo inali ya mtsikana, mwana wa munthu wowolotsa anthu pabwato, m'dziko limene mitsinje yonse inayamba kuyenda chobwerera kulowera kuphiri. Mtsikanayo ananyamula nkhafi ya bambo ake n'kuyamba kutsatira madziwo kuti akaone chimene chikuwaitana. M'njira anapeza anzake: nkhalamba yosula mipeni, mayi wina wodziwa mankhwala koma waulesi, ndi kanyama kaubweya kodya kwambiri. Ankalankhula Chijapani, ife n'kumawerenga Chipwitikizi m'munsi. Akakumana ndi zilombo sankangogwirana ayi, ankamenyana mosinthana, wina amenye, mnzake adikire, ngati ana olera bwino. Koma chimene ine ndinakonda koposa ndi zitsime. M'mudzi uliwonse wa m'jogomo munali chitsime, ndipo ukafika pamenepo unkasunga ulendo wako. Ukalakwitsa kutsogolo, anzako onse n'kufa, unkangobwerera pachitsime paja n'kuwapeza ali moyo, akukudikira ngati palibe chachitika.

Amayi anga anamwalira chaka changa chomaliza ku institutu. Nditabwerako kumaliro sindinkafuna kulankhula ndi munthu. Mnzanga uja sanandikakamize, anangoika kamakinako pamtsamiro panga. Tinamaliza jogoyo mwezi umene tinalandira masetifikadu. Pamapeto pake mtsikana uja anafika pamwamba pa phiri, anawoloka mlatho wa zingwe, mlathowo unaduka kumbuyo kwake, anzake anatsala tsidya lino, basi. Panangotuluka mawu oti nkhani idzapitirira. Tinayang'anana kukamwa kuli yasa. Kuyambira tsiku limenelo takhala tikudikira wachiwiri.

Zaka zinapita. Ndinakwatiwa ndi mphunzitsi mnzanga, koma iye anatumizidwa ku Chidzolomondo, ku Macanga, kumene amabwerako pa feriyasi, sikola ikatsekera, kapena pakutha pa mwezi msewu ukalola. Tinakhala ndi mwana wamkazi. Apa ndiye ndinadzidziwa kuti ndine munthu wamantha. Mwana akagona nthawi yaitali ndinkaika chala pamphuno pake. Akatsokomola kamodzi ndinkathamangira patelefoni kukafufuza, n'kupeza matenda onse a dziko lapansi. Kusikelo anamwino ankandidziwa kuti ndine mayi wa mafunso. Ndinalibe amayi oti n'kuwafunsa, ndipo ndinkaona ngati tsiku lina wina adzatulukira kuti kulera sindikudziwa, ndimangoyerekeza.

Tchuthi cha uchembere chitatha, apongozi anga, mayi a bambo a mwana, anabwera kuchokera ku Ntengo-Wambalame kudzakhala nane kuti azisamala mwana ine ndikapita kukaphunzitsa. Ndi mayi wamtali, wosalankhulalankhula, wa ku banja loweta ng'ombe. Anabwera ndi thumba la kachewere, nyemba, ndi juzi lawo lobiriwira limene savula nyengo yozizira. Tinkakhala bwino, koma mwaulemu wotalikirana. Ine ndinkawapatsa madzi nditagwada, iwo ankanditchula kuti amake mwana. Panali nkhani zimene sitikanakambirana, ndipo tonse tinkadziwa malire ake. Woseka nawo momasuka anali mwana yekha. Ankamutchula kuti mkazi mnzawo, n'kumamunena kuti wabwera kudzawalanda nkhalamba yawo.

Mwezi wa Junho, nkhungu itaphimba vila yonse, mnzanga wa ku Tete uja ananditumizira kanema waufupi wolengeza kuti wachiwiri akutuluka, ndipo ulendo uno adzaseweredwanso patelefoni. Kunyumba kwathu redi ya telefoni imagwira bwino pamalo amodzi okha, kuseri pansi pa mtengo wa mapichesi, pafupi ndi mpanda waudzu. Ndinaima pamenepo m'mawa wa sabadu, ndiye kuti Loweruka, manja atauma ndi kuzizira, kudikira kuti kanemayo atsitsike. Atatseguka ndinamuona mtsikana uja, atakula, tsitsi atameta, nkhafi ili kumsana, akuyenda m'chipale chofewa. Nyimbo yake inali yomwe ija. Misozi inangotuluka yokha.

Posakhalitsa mnzangayo, amene ndimamuitana kuti mana ngati mchemwali, anaimba. Mawu ake sindiwalemba, chifukwa amene anamva nkhani yathu anamva mbali yanga yokha, ndipo ndi imeneyo inabala zonse. Ine ndinati:

"Ndikuyembekezera, mana, ndingatani. Wachiwiri ameneyu akuti ndi Novembro. Ndaona ndi maso anga lero lomwe, mpaka ndalira. Woyamba uja anandisowetsa tulo, uyu ndiye kaya. Ayi, bambo ake sindinawauze, ndikuchita manyazi. Mwana akadali kubere chonchi, anthu adzati chiyani? Usauze munthu."

Ndinkatanthauza kuti mayi wa mwana woyamwa sayenera kumataya nthawi ndi zidole za patelefoni. Sindinadziwe kuti apongozi anga anali tsidya lina la mpandawo, atakhala pamkeka, akusankha kachewere wambewu. Anamva zonse, ndipo anamva monga mmene mayi aliyense wa kuno akanamvera: mpongozi wawo ndi woyembekezera, mwana wachiwiri adzabadwa Novembro, woyamba asanayambe n'kuyenda komwe. Kuno zimenezi timati kutumbiza, ndipo akuluakulu amakhulupirira kuti mkaka wa mayi wapakati umadwalitsa mwana woyamwa. Izi ndikuzidziwa tsopano. Nthawi imeneyo sindinadziwe kalikonse, ndipo iwo sakanandifunsa, pakuti nkhani ya mimba mpongozi safunsa maso ndi maso. Anangoyamba kuchitapo kanthu.

Choyamba chinali mazira. Ndinkakonda kukazinga dzira m'mawa ndisanapite ku sikola, koma tsiku lina ndinapeza kambale kake kalibe kanthu. Anati anawaika kwa nkhuku ya aneba kuti ifungatire. Tsiku lina ndinaima pakhomo ndikuyang'ana ngati nkhungu yachoka, iwo ali kumbuyo kwanga anati, "Amake mwana, lowani kapena tulukani, pakhomo saimapo." Ndikanyamula ndowa ankandilanda. Ndikawerama kuti ndikolope ankati iwo akolopa. Zoletsa zimenezi ndinazimvapo ndili mtsikana, koma mimba yanga yoyamba ndinaiyendetsa ndi malangizo a kuchipatala okha, popanda wamkulu pakhomo, ndiye m'mutu mwanga sizinalumikizane. Ndinangoona kuti ntchito iliyonse imene ndagwira akundilanda, ndipo ndinamva ngati akundiuza kuti palibe chimene ndimachita bwino.

Kenaka zinafika pa mwana. Ndinali ndi chizolowezi chobwera kunyumba chothamanga pa nthawi yopuma kudzamuyamwitsa. Ndinayamba kumupeza atakhuta phala, mimba ili tantha, akukana bere. Masiku ena sindinkawapeza n'komwe, anali atamubereka kupita kumsika kapena kwa amayi a kumpingo, n'kubwera ine nditabwerera kale ku sikola. Madzulo ndikamutenga kuti ayamwe, ankaima pafupi ngati akufuna chinthu, n'kumati mkazi mnzawoyu wakula, aziphunzira kudya za anthu. Mabere anayamba kundiwawa, kutupa, mkaka kumadontha pabulauzi ndili kutsogolo kwa ana m'kalasi. Ndinkaphunzitsa nditadzikulunga kapulana m'mapewa ngati ndikumva kuzizira.

Ine ndinali ndi tanthauzo langa la zonsezi. Madzulo ena ndikuyamwitsa ndinali nditatsegulanso kanema uja, mawu ali pansipansi, ndipo mwana anasiya bere n'kutembenuka kuyang'ana kuwalako. Nditadzutsa mutu ndinaona apongozi ali pakhomo la kukhitchini akutiyang'ana. Ndinati basi, andigwira. Aona kuti mwana wawo anakwatira chitsiru chimene chimaonera tizidole m'malo moyang'ana mwana, ndipo aganiza zomuchotsa m'manja mwanga pang'onopang'ono. Choipa kwambiri n'chakuti mbali ina ya mtima wanga inkagwirizana nawo.

Komabe kanemayo sindinaleke kumuonera. Ndiyenera kunena zoona. Ndinkamuonera kuseri kwa kalasi ana akatuluka, ndinkamuonera pamzera wa kuchigayo. Ndinkamuimitsa pamalo pamene pankaoneka chithunzi cha munthu wovala chipewa chachikulu patali, n'kumakangana ndi mnzanga pa mauthenga ngati ameneyo ndi nkhalamba yosula mipeni ija kapena wina. Iye ankati nkhalambayo inafa, ine ndinkati sizingatheke. Tinkawerenga zimene anthu a kumayiko ena ankalemba, ena akudandaula kuti mtsikanayo amumeta tsitsi, ena akuti kumenyana kosinthana kuja n'kwachikale. Ndinkafufuta zithunzi zakale m'telefoni kuti jogoyo adzapeze malo, koma za mwana sindinkakhudza, ndiye malowo sankapezeka. M'masiku amene ndinkadzuka ndi nkhawa n'kugona ndi nkhawa, Novembro chinali chinthu chokhacho chakutsogolo chimene sindinkachiopa.

Lachinayi lina madzulo, tikutola nyemba pakhonde, apongozi analankhula osandiyang'ana. Anati ng'ombe yawo yofiira ija yabereka, mkaka ulipo wambiri kumudzi. Anati sabadu akwera shapa, kaminibasi kathu, kubwerera ku Ntengo-Wambalame, ndipo mkazi mnzawoyu apita nawo, akakhale kumeneko mpaka mvula itagwa, kuti ine ndipume. Anatero mofatsa, ngati akunena za mbewu. Ine ndinangoti, "Chabwino, amayi." Pakamwa panga panatuluka zimenezo zokha, chifukwa ndi mmene ndinaleredwera.

Mawa lake ndinaimbira bambo a mwana. Ku Chidzolomondo kuti alankhule patelefoni amakwera pachulu cha kuseri kwa sikola, ndipo tsiku limenelo kunali mphepo. Ndinawauza kuti amayi akufuna kupita ndi mwana. Iwo sanamve kuti ndikulira. Anati mwina amayi aona kuti ndatopa, ndipo kulera amakudziwa, si analera iwo omwe? Ndinayamba kunena kuti mwana akadayamwa, koma redi inathawa. Ndinayesanso, osalowa. Ndinaima pansi pa mtengo wa mapichesi uja, umene nthawi imeneyo unalibe tsamba ndi limodzi lomwe, ndikuganiza za mwana wanga akudzuka m'nyumba ya eni, akufunafuna bere, akupatsidwa kapu.

Sabadu kunacha ndi dzuwa lofooka. Apongozi anadzuka molawirira, anamusambitsa mwana, anamuveka chipewa ndi masokosi, n'kuyamba kupinda timalaya take pa kapulana. Ine ndinkazungulirazungulira m'nyumba ngati nkhuku yofuna poikira. Atamubereka kumsana n'kumanga mfundo pachifuwa, ndinagwada pakati pa balaza. Ndinali ndisanawatsutsepo chikwatiwire.

"Amayi, ndapota nanu, mwanayu musapite naye. Ndikudziwa chimene mwaonera. Ndalakwa ndine. Winayo sindikumufunanso, ndimuchotsa lero lomwe, inu mukuona."

Ndinkanena za kanema uja. Telefoni inali m'manja mwanga, ndinali wokonzeka kumufufuta ndi kuiwala za Novembro. Koma apongozi anga anachita ngati ndawathira madzi otentha. Mtolo wa zovala unagwa pansi. Anakhala pampando mwana ali kumsana, n'kundiyang'ana m'maso, chinthu chimene sankachita.

"Mwati mutani?"

"Ndimuchotsa, amayi. Sizivuta, n'kanthawi kochepa."

"Mwana wanga," anatero, "mawu amenewo asatulukenso m'nyumba muno. Ine sindinakudzudzuleni. Zimachitika, inenso zinandichitikira. Uyu ndikulererani ine, inu musunge mimbayo. Mimba sachotsa chifukwa cha manyazi."

"Mimba iti, amayi?"

Kunja kunkamveka njinga yamoto ikukwera chitunda cha kumsika. Mwana anagwira mpango wa agogo ake n'kuyamba kuukoka.

Anandikumbutsa mawu anga onse a pansi pa mtengo wa mapichesi, limodzi ndi limodzi, osaphonya: kuyembekezera, wachiwiri, Novembro, bambo ake sindinawauze, mwana akadali kubere. Ndikuwamva akutuluka m'kamwa mwawo, ndinaona kuti ngakhale ine ndikanakhala kuseri kwa mpandawo ndikanamva chimodzimodzi. Mazira aja, khomo lija, ndowa ija, zonse zinabwera pamodzi. Ndinafuna kuseka, ndinafuna kulira, koma choyamba chinali manyazi, chifukwa tsopano panalibe njira ina yosungira mwana wanga koma kufotokozera mayi wa ku Ntengo-Wambalame kuti jogo n'chiyani.

Ndinayamba moipa. Ndinati ndi masewero, iwo anafunsa ngati ndi a mpira. Ndinati ndi nthano, koma yoti munthu umayendamo wekha. Anafunsa ngati muli za juga, ndinalumbira kuti ayi. Pomaliza ndinasendera pafupi ndili chogwada, n'kuwatsegulira kanema uja. Anaigwira telefoni ndi manja awiri, patali ndi nkhope, maso atatsinzinira pang'ono. Anaonera mpaka kumapeto, kenaka anati ndibwereze.

Ulendo wachiwiri ndiye anayamba mafunso. Anafuna kudziwa kuti mtsikanayo ndi mwana wa yani, nanga bwanji akuyenda m'chisanu chotero miyendo ili pamtunda, alibe amake omuuza kuti avale? Ndinati amake anamwalira. Anati ooh. Ataona kanyama kaubweya kaja anafunsa ngati kamadyedwa. Ataona mtsikanayo akulowa m'nyumba ya eni n'kutsegula mtsuko, anati ameneyu ndi wakuba, ndipo ndinavutika kufotokoza kuti m'dziko limenelo eni nyumba sadandaula. Ndinawauzanso za mlatho woduka uja, za anzake amene anatsala tsidya lina, ndi kuti ine ndi mnzanga takhala zaka osadziwa ngati adzaonananso.

"Ndiye wachiwiri wakeyo ndi ameneyu?"

"Ndi ameneyu, amayi."

"Wa Novembro."

"Eya."

"M'mimbamo mulibe kanthu."

"Muli tiyi yekha wa m'mawa uja."

Anaika telefoni pathebulo mosamala ngati dzira. Kenaka anamasula mfundo ya pachifuwa, anamutsitsa mwana n'kundipatsa. "Muyamwitseni," anatero. "Ndakuzunzani masiku onsewa, mabere akuwawani." Mwana anagwira bere mwaukali ngati akundilipiritsa, ndipo ululu umene ndinamva poyamba unali wokoma kuposa chilichonse chimene ndikukumbukira chaka chimenecho.

Shapa inapita popanda iwo. Anatola timalaya tija pansi n'kuyamba kutibwezera m'dengu, ndipo ali mkati mopinda, atandifulatira, anandiuza chinthu chimene ngakhale mwana wawo sankachidziwa bwino. Asanabadwe bambo a mwana, panali mnyamata wina. Iwo anaima mwanayo akadali kubere, anapitiriza kumuyamwitsa mobisa chifukwa ankamumvera chisoni, ndipo nyengo ya mvula mwanayo anatsegula m'mimba n'kumwalira. Akuluakulu a pamudzi anati ndi mkaka. Iwo anakhulupirira, ndipo akhala akukhulupirira moyo wawo wonse. Ine ndinali nditamva kusikelo kuti mayi wapakati angathe kuyamwitsa ndithu, ndipo mwina mwanayo anadwala ndi madzi a nyengo imeneyo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, koma ndinaona kuti si tsiku lake. Ndinadzawauza patapita miyezi, tikubwera kusikelo, ndipo anangoyenda pang'onopang'ono mpaka kunyumba. Tsiku la sabadu lija ndinangokhala pansi ndikuyamwitsa, ndikuyang'ana msana wa juzi lobiriwira, ndikuganiza za zitsime za m'jogo muja. Ndinali nditatsala pang'ono kuwafotokozera za zitsimezo monga chinthu chokoma kwambiri m'jogomo. Ndinathokoza kuti sindinafike pamenepo.

Masana anapita kwa aneba n'kubwera ndi mazira m'mpango. Anawakazinga okha, n'kundiikira patsogolo. Tikudya anaulula kuti pali vuto lina laling'ono: nkhaniyi anali ataitula kale kwa amayi a kumpingo kuti aziipempherera. Ndinatsamwa. Ndinafunsa kuti ndiye tikawauza chiyani. Anati iwo sangapite kukaima pamaso pa anzawo n'kunena kuti mpongozi wawo ali ndi pakati pa telefoni. Anati tingozisiya, miyezi idzayankha yokha. Ndiye kwa nthawi yaitali ndikaimirira kukwaya ndinkaona maso a amayi akutsikira pamimba panga, ena n'kumandipatsa malo okhala, ena n'kumandibweretsera malalanje. Malalanjewo ndinkalandira.

Bambo a mwana atabwera pa feriyasi, amayi awo ndi amene anawafotokozera, ine ndili kukhitchini ndikumvetsera. Anaseka mpaka anatuluka panja. Atabwerera anandifunsa kuti chifukwa chiyani sindinawauze za jogoyo, popeza ankadziwa kale kuyambira tili pachibwenzi kuti ndili ndi misala imeneyi. Ndinati ndinkaganiza kuti munthu ukakhala mayi zimenezi zimayenera kutha. Anati iwo akhala bambo koma mpira wa pawailesi sanausiye. Popita anandisiyira kakhadi kosungira zinthu m'telefoni, kuti zithunzi za mwana ndi jogo zisalimbirane malo.

Mantha anga sanathe, ndisaname. Chala pamphuno ndimaikabe. Koma china chinasintha pakati pa ine ndi apongozi. Ndinazindikira kuti masiku onse amene ndinkaganiza kuti akundiyesa mayi wosatha kulera, iwo ankandisenzera ndowa. Ndinayamba kuwafunsa zinthu zimene kale ndinkafunsa telefoni, ndipo zina ankayankha, zina ankati pitani kuchipatala, ine si dotolo. Nawonso anayamba kundifunsa za mtsikana wa nkhafi uja ngati akufunsa za mwana wa achibale. Anali kumbali yanga pa nkhani ya nkhalamba yosula mipeni. Anati munthu wa ntchito ya manja safa msanga.

Mvula itayandikira anabwerera ku Ntengo-Wambalame kukakonza kumunda, okha, mwana n'kutsala ndi ine ndi mayi wina wa pafupi amene amamusamala m'mawa. Novembro asanakwane, eni jogo analengeza kuti sanamalize kumukonza, ndipo adzatuluka chaka chino, mwezi sanatchule. Mnzanga wa ku Tete anakwiya kwa sabata yathunthu. Ine ndinadabwa kuti sindinakwiye kwambiri. Mapichesi anali atayamba kupsa, mwana anali atayamba kuyenda chogwira khoma, ndipo kudikirako ndinali nditakuzolowera ngati mnzanga wokhala naye m'nyumba.

Kumapeto kwa mweziwo apongozi anaimba pa telefoni ya mdzukulu wa aneba awo. Anafunsa za mkazi mnzawo, ngati akuyamwabe, ndinati akuyamwa ndipo tsopano amaluma. Anafunsa za mvula. Kenaka anatsitsa mawu.

"Nanga uja, wabadwa?"

"Ayi, amayi. Akuti chaka chamawa."

Ndinkamva ng'ombe ikulira kumbuyo kwawo.

"Imeneyo ndi mimba ya njovu," anatero. "Akadzabadwa mudzandiitane. Ndikufuna ndidzaone ngati anamuveka juzi."

Mpaka pano sanatuluke. Mwana wanga ali pano pamiyendo panga pamene ndikulemba izi, akulimbana ndi batani la bulauzi, ndipo kakhadi kaja kadzaza kale ndi zithunzi zake.